Dzina la Khumi ndi Chitatu

Anandipatsa pepala la mayina khumi ndi awiri,
zitini ziwiri za penti wakuda, ndi khoma la holo ya pa Boma.
"Lemba mooneka," anatero kalaliki,
"kuti wa pa minibasi ya ku Mwami awerenge asanaphethire."

Ndinakwera makwerero m'mawa wa Juni,
mphepo ya m'mapiri a Mchinji ikuluma zala.
Pamwamba penipeni, Jaji Mphadzula wa ku Mkanda,
amene anaweruza milandu ya mumzinda zaka makumi atatu
nabwera kwawo kamodzi, m'bokosi lonyezimira.
Pansi pake Dokotala Nsaliwa wa ku Tembwe,
wosoka mitima ya anthu kumaiko a chisanu.
Dzina lake linamwa theka la chitini
chifukwa cha zilembo za masukulu
zomulondola pambuyo ngati anapiye.
Kenako Sikelo wa ku Kamwendo, wa mwendo wamanzere uja,
tinkamumvera pa wailesi titaunjikana pakhonde la golosale.
Iyeyo ndinamulemba ndikumwetulira,
S wake ndinamupinda ngati mchira wa tambala.

Sindikuwachepsa ayi. Ndi athu.
Michombo yawo ili m'dothi lomweli lobala mtedza.

Koma nditatha womaliza
panatsala malo, chikhatho chimodzi pamwamba pa maziko,
ndi kapenti kokanirira pansi pa chitini.
Ndinakhala pa njerwa kumwa madzi a m'botolo,
ndipo madziwo ndiwo anandikumbutsa.

Layitoni Gwirize, wokonza mijigo.
Njinga yopanda mabuleki,
sipanala zitatu m'thumba la feteleza,
chala chake chimodzi chinatsala m'paipi ku Kapiri.
Chaka chimene kolera anatilowera,
zitsime za m'mbali mwa Bua zitasanduka manda,
ankayenda usiku, tochi ali kukamwa,
kudzutsa mijigo yakufa mudzi ndi mudzi
mpaka itatsokomola, nilavula dzimbiri, niyamba kuyera.
Malipiro ake mbale ya mtedza, pena kankhuku,
kawirikawiri "mwatithandiza, bambo."
Pa maliro ake sipanaime galimoto.
Panangofika amayi, mizeremizere,
aliyense chidebe chodzaza pamutu,
mpaka madzi anasowa powathira.

Ndinagwada. Ndinamulemba ndi burashi yaing'ono.

M'mawa mwake kalaliki anawerama, magalasi ali pamphuno.
"Ameneyu ndani? Ali ndi pepala lanji?
Komiti sinamukambepo."
Anandipatsa ndowa ya njereza.
Ndili ndi ana anayi. Ndinapaka.

Anabwera akuluakulu, anadula riboni,
anawerenga khumi ndi awiri, tinaomba m'manja.

Koma njereza ndi mlendo pakhoma,
penti wa mafuta ndiye mwini nyumba.
Mvula yoyamba ya Novembala itamenya cham'mbali,
G anasuzumira.
Pofika Khirisimasi Layitoni yense anali poyera,
matope a m'ngalande akumuthimbirira,
udzu ukumufika m'khosi.

Kalaliki amadutsapo tsiku lililonse
maso ali kumwamba, kwa Jaji.
Ana a sukulu, poti ndi aafupi,
ndiye amayambira kuwerenga pansi.
Dzulo ndinapeza wina atazula udzuwo,
ndipo pambali, pa njerwa ndinakhalira ija,
anasiyapo kapu ya pulasitiki
yodzaza madzi mpaka m'milomo.