Masiku Anayi ku Uspallata

Chipale chofewa chinatseka msewu wa kuphiri Lachiwiri.
Malole tinandanda ku Uspallata, mchira wosaoneka.
Ine Evaristo, migolo ya vinyo kumbuyo,
ndinapinda miyendo pansi pa chiwongolero masiku anayi,
kugona chokhala, kudikira apolisi atsegule.

Lachisanu katumba wakumanzere anayamba kudandaula,
wotentha, wolimba ngati tayala lopopa mopyola.
Nsapato inakana phazi lake lomwe.
Ndinati mnofu wangokokana.
Ndinasisita, ndinatukwana, ndinaliza injini.

Nditatsika makona onse aja,
pongoponda pansi ku Los Andes,
mpeni unandilowa m'nthiti wopanda dzanja lougwira.
Mpweya unali mbwee chigwa chonse,
wanga wokha ndiwo unasowa.

Dokotala Ximena anajambula papepala la mankhwala:
uwu mwendo, uwu mtima, awa mapapo.
"Magazi akaima nthawi yaitali amaundana," anatero.
"Mbulu unathothoka mumtsempha wa m'mwendo,
unakwera, wakatseka njira m'mapapo."
Ndinafuna kuseka, chifuwa chinakana.
Zaka makumi atatu ndikudinditsa zikalata pachipata,
kanthu aka kanawoloka wopanda chiphaso.

Pabenchi yodikirira kuyezetsa sindinali ndekha.
Maite, khanda la milungu itatu kubere,
mwendo wotupa mpaka m'ntchafu.
Bambo Anselmo, amene anawaika chitsulo m'chiuno
nagona chigonere mwezi wathunthu.
Ndiye kamtsikana ka payunivesite kaja, dzina ndaiwala:
kake kambulu kanakhala m'mitsempha ya m'mutu,
iko kumaganiza kuti litsipa labwera ndi mayeso.
Tinkafunsana ngati anthu a mudzi umodzi,
wako unaima pati?

Chaka chatha tsopano.
Kakolo wada ngati chikopa cha chishalo,
madzulo amalemera, amayabwa.
Nélida amandiveka sokosi yothina m'mawa uliwonse,
akukoka ndi manja awiri, akundikalipira.
Piritsi limakhala m'thumba limodzi ndi makiyi.
Lumo likandicheka pachibwano
magazi amachedwa kuleka, ndimawaleza mtima.

Maola awiri akakwana ndimapatuka,
ndimazungulira lole kasanu, mphepo ikundimenya.
Anzanga amaliza hutala podutsa:
"Evaristo, wataya chiyani?"
Ndimangokweza dzanja.
Dzulo Fermín anaima kumbuyo kwanga,
anatsika akutsimphina mwendo wakumanja.
Ndinamuuza akwinye buluku ndione.