Chigongono Chiti?

Kuno ku Iloilo ndi thu koloko usiku,
ku Duluth akadali m'masana a dzulo.
Pansanjika yachisanu ndi chiwiri tilipo anthu makumi atatu,
aliyense ndi kompyuta yake
ndi matenda a eni ake.

Fayilo 41:
mwamuna, zaka 58, woyala matailosi.
Dzina lake sindiloledwa kulitchula,
ngakhale kwa Ligaya pambali pangapa,
amene akutafuna mango ouma mobisa.

Dokotala Halvorsen alemba mothamanga:
chotupa kunsonga ya chigongono, kukula ngati dzira la nkhuku,
chofewa, sichikutentha, khungu silinafiire.
Kathumba ka pafupa kadzaza madzi.
Tapopa ndi singano, atuluka achikasu, opanda mafinya.
Asatsamirepo milungu itatu.

Zonse zilipo kupatula liwu limodzi.
Chakumanja, kapena chakumanzere?

M70.21 ndi chakumanja.
M70.22 ndi chakumanzere.
Iliponso M70.20, ya chigongono chopanda mbali,
nambala ya alesi, amatero abwana athu a Villaruel,
akuti a inshuwalansi akaiona amakwinya nkhope, n'kubweza pepala,
bilu n'kukagogoda pakhomo la wodwala.

Ndikhoza kungoponya.
Wogwira chida ndi dzanja lamanja amatsamira lamanzere,
izi sindinaziwerenge m'buku.
Bambo anga anatha zaka makumi awiri ndi zisanu
kunsi kwa majipini ku Jaro,
sipanala kumanja,
thupi lonse pachigongono chamanzere pasimenti,
mpaka chinabala dzira lomwelo.
Ife ana tinkalidina ndi chala, ilo n'kubwerera,
iwo amvekere: musaliswe, muli mwanapiye umo.
Amayi ankalipaka mafuta a kokonati
n'kulimanga ndi nsanza ya siketi yanga ya sukulu.
Palibe amene analipatsa nambala.
Analowa nalo m'bokosi
litabisala m'mkono wa malaya oyera obwereka.

Koma sanandilembe ntchito yokumbukira.
Tsiku loyamba anatiphunzitsa, mpaka tinaloweza:
chimene sichinalembedwe sichinachitike.

Ndayambiranso pamwamba, chala pagalasi.
Namwino walemba kuthamanga kwa magazi,
kulemera kwake,
kuti fodya anasiya kalekale,
kuti anabwera chifukwa mkazi wake anamubisira makiyi a galimoto
mpaka atalonjeza.
Zonsezi anapeza nthawi yolemba.
Za mbali, zii.

Ndiye ndalemba funso,
mwaulemu, osawaika mawu m'kamwa:
Adokotala, chonde fotokozani chigongono chimene munapopa.
Ndatumiza.
Fayilo yasanduka yachikasu, yodikira,
ndipo pabolodi lakutsogolo dzina langa,
Corazon T.,
latsika mizere iwiri.
Ligaya wandiyang'ana cham'mbali:
ukanangoika ziro, mwana iwe, ndani akanakuona?

Ndapita kukatunga khofi wa m'makina,
wowawa ngati mankhwala a malungo.
Ndaganiza za munthu amene sindidzamuona,
atagwada m'bafa ya wina,
panja chipale chofewa, chomwe ine ndimangochionera pakanema,
akukankha tailosi lomaliza kuseri kwa paipi,
uku akutsamira, akutsamira,
zaka ndi zaka pafupa limodzi.

Folo koloko. Mvula yayamba kumenya mawindo.
Yankho lafika, lalifupi ngati chifuwa:
Chakumanja. Mkuluyu ndi wamanzere.

Ndakhala kaye chete.
Ndikanamuveka chigongono cha bambo anga.

M70.21.
Zala zinayi zagunda, fayilo yabiriwira, yapita
kuwoloka nyanja isanathe mphindi,
kukauza anthu ena osamudziwa
kuti pamkono uwu, osati uwo, ndi pamene panapweteka.

Kenako ndazindikira mmene ndakhalira usiku wonse,
chibwano m'manja, zigongono patebulo.
Ndazichotsa. Ndasisita chakumanzere.
Khungu lake layamba kukhakhala.

Fayilo 42:
mkazi, zaka 34, bondo.
Dokotala uyu walemba mbali kawiri,
koma pamwamba akuti lamanja, pansi akuti lamanzere.