Chala Changa

Chala ichi ndi chomwe chinadinda.
Inki ya buluu, ofesi ya ku Boma,
chaka cha njala, mlongo wanga Esinala
titangomuika m'manda a ku Songani.
Anati mwana azikadya katatu, azikavala nsapato.
Ine, mwinimbumba, ndinapukuta chala pa buluku
n'kukwera kabaza osacheuka.

Zaka zisanu ndi ziwiri.
Kumeneko ankamutcha Gilesi.
Kuno mango amene tinakwirirapo mchombo wake
ankangobereka, ana a eni n'kumagenda.

Lachiwiri lapitali a Kachingwe a zosamalira ana anabwera
wapansi kuchokera kumsewu.
Mpando anaukana. Anavula nsapato, n'kukhala pamphasa,
fayilo n'kuipsinja ndi mwala kuopa mphepo ya m'phiri.
"Tinalakwa," anatero. "Tinayeza chimanga m'nkhokwe,
osafunsa kuti mwanayu ndi wa kwa yani."

Ndinafuna kukalipa. Mawu ndinali nawo,
onolanola ngati chikwanje.
Koma chala chinayamba kuyabwa.

Mtsikana anaima kumapeto kwa bwalo, chikwama kumsana,
wamtali, chipumi cha mayi ake.
Sanagwade. Sankadziwa.
Amayi ake aang'ono anayamba kung'ung'udza,
ndinawaletsa ndi diso.

"Mwandida," ndinaitana.
Anacheuka kumbuyo, kufuna mwini dzina.

Usiku sanagone, ati mphasa ikubaya.
M'mawa ndinamupeza pansi pa mango aja
akufunsa kamnyamata ka pafupi apa
kagendedwe kake.

A Kachingwe abweranso Lachisanu.
Ati ulendo uno tisaina tonse,
ndi mwana yemwe.