Msomali wa pa Khoma

M'sitolo ya zomangira ku Malangalanga
Nachisale waweramira kaundula:
kumanzere zolowa, kumanja zotuluka.
Zikwi zisanu zasowa.

Panja, Chimpeni wakhoma msomali pakhoma,
wamangapo ulusi.
Akujambula msewu wa ku Mchinji,
mitengo ikunka nichepa, nichepa,
mpaka yonse yamezedwa ndi mutu wa msomali.

Akuti kalekale ku Italiya
wowerengera nsalu ndi wojambula angelo
ankabwerekana rula imodzi.
Nachisale alibe nazo ntchito.
Chake n'chakuti mbali ziwirizi
zikumane dzuwa lisanalowe,
apo ayi bwana adula malipiro.

Wasuzumira pazenera.
Msomali uja!
Ulusi, kachitini ka penti wabuluu:
Chimpeni anatenga pangongole m'mawa.

Wanyambita pensulo, walemba.
Mizere yakumana.