Inshulansi ya Makutu

A Mkwezalamba afika ndi mafomu atatu,
thukuta la Salima lili m'kolala.
"Iyi ndi yotchipa. Iyi ikulipirirani loya.
Iyi, ngakhale chinsinsi cha wodwala chitatuluka m'failo."

Ine ndilibe mpeni, ndilibe jakisoni.
Mpando, tishu, chitseko chotseka,
makutu awiriwa basi.

"Funso lachisanu, mayi:
munalakwitsapo pa ntchito?"

Magetsi athima. Fani yaima.

Twaibu anakhala pomwe mwakhalapo,
chipewa pabondo,
nati, "Maganizo aja anatha. Ndikugona bwino."
Ndinamukhulupirira.
Lachinayi lotsatira kunabwera mchemwali wake,
duku kumutu,
kudzabweza buku langa.

Palibe amene anakandisumira.

Ndasankha yapakatiyo, ya loya.
Ndafunsa ngati ilipo
yobweza tulo.
Aseka, nandipatsa bolopeni.