Matimati a Pamwamba pa Phiri

Dokotala anati yambani ndi masitepe khumi.
Ndinaseka. Ine Eliodoro,
amene ndasenza matumba padoko la Valparaíso
zaka makumi atatu, khumi okha?
Pa sitepe lachisanu ndi chiwiri ndinakhala pansi, khwethe,
ngati thumba lomwe lija,
chipsera cha pachifuwa chikukoka ngati ulusi wothina,
galu wa eni ake akundiyang'ana mondimvera chisoni.

Epulo yense anathera pa khumi.
Meyi, khumi ndi anayi,
tsiku lina khumi ndi awiri, chifukwa mawondo amamva mvula isanagwe.
Ndinkalemba ndi pensulo kuseri kwa kalendala,
manambala akukwawa ngati nkhono pakhoma.

Mchere anandiletsa.
Choncho madzulo ndinkadula matimati a m'supamaketi ya kumunsi,
ozungulira, ofanana ngati ana a sukulu pamzere,
osavunda ngakhale masabata atatu m'firiji.
Ukaluma, madzi okhaokha
ndi kafungo ka katoni.
Ndinayesa kuti mpeni wa dokotala unadulanso lilime langa.

Herminia amakhala kumene masitepe amathera.
M'zitini za penti ndi m'bafa lakale
amadzala mbewu zimene mlongo wake anabwera nazo ku Limache
zitakulungidwa m'nyuzipepala.
Mu Ogasiti, ndili wefuwefu pa sitepe la makumi asanu,
anafuula ali pakhonde:
Sindikutsitsira ayi.
Awa sayenda ulendo, amaphwanyika m'dengu.
Ukawafuna, kwera.

Seputembala ndinadwala chimfine, ndinabwerera pa makumi atatu.
Ndinatukwana kalendala, kenaka ndinasongola pensulo.
Novembala, makumi asanu ndi anayi,
ndipo ndinazindikira kuti ndikumva nyanga za sitima
m'malo mwa ng'oma ya mtima wanga.

Januwale, Lachiwiri lopanda dzina,
phazi linafuna sitepe lina, silinalipeze.
Zana limodzi, makumi atatu ndi mphambu ziwiri.
Herminia sanaombe m'manja.
Anathyola limodzi, lotentha ndi dzuwa,
lonyansa, la makwinya, lopindika mapewa,
long'ambika pambali ndi kupola lokha.
Ndinayang'ana chipsera chake. Sindinanene kanthu.

Analidula pa buledi, popanda mchere.
Msuzi unatsika mpaka pachigongono.
Kuwawasa kunabwera koyamba, kutsekemera pambuyo,
kenaka fungo la masamba, la dothi lothiriridwa madzulo,
ndipo lilime limene ndinaliika kale m'manda
linadzuka n'kuyamba kulongolola.

Idya lonse lero, anatero, mkuja likhala litaola.

Ndinatsika pang'onopang'ono, dzanja pachitsulo,
popeza kutsika nako kuli ndi mangawa ake.
Mawa mwina ndithera pa makumi asanu ndi atatu.
M'thumba la shati, pamwamba penipeni pa chipsera,
muli kanyuzipepala konyowa
ndi njere khumi ndi imodzi.