Kuyanika Mabuku pa Boma la Nsanje

Madzi ataphwa tinatsegula chipinda cha kuseri,
chija makiyi ake anasowa ndisanayambe ntchito.
Loko tinathyola ndi chitsulo cha njanji.
Linayamba kutuluka ndi fungo,
kenako mphemvu,
kenako ife tinalowa.

Bwana anati, "Yanikani zonse pakhonde, zowola mutaye."
Ine Zuze Alufandika, kalaliki wa zaka makumi atatu,
ndinanyamula mabuku ngati ana odwala
n'kuwagoneka padzuwa la kuno,
lija limawotcha phazi ngakhale uli mu nsapato.

Loyamba linali ndi dzina lakale pachikuto,
Port Herald, zilembo zosuluka,
dzina limene lilime lathu silinalizolowere.
M'kati mizere yofiira:
mudzi, nyumba, mwini nyumba, msonkho.
Walipira. Walipira. Wathawa.
Wathawira kwa Apwitikizi.
Wabwerako chaka cha dzombe. Walipira ndi thonje.

Patsamba la makumi anayi ndinapeza bambo a bambo anga.
Wolembayo anawapotoza dzina,
ndipo pambali anaika: nyumba ziwiri.
Ziwiri?
Ife tinkadziwa imodzi.
Pomwe panali dzina la mkazi winayo chiswe chinadya,
chiswe chosunga chinsinsi kuposa abale.

Panalinso mapu.
Wojambula anatenga Shire ngati chingwe
n'kumangirira malire pamenepo,
osaufunsa mtsinje ngati ukhalitsa.
Chichokereni iye, Shire wasuntha mphasa kangapo,
Ruo wadzing'ambira njira m'minda ya anthu,
koma papepala onse ali duu,
ngati ana a sukulu pamzere.

Tsiku lachitatu kunafika Mayi Nsayi Fole a ku Makhanga,
matope mpaka m'maondo,
chiphaso cholandirira ufa atachimanga pampango.
Akuti dimba lawo lawoloka.
Dzana linali tsidya lino, lero lili tsidya ilo,
ndipo wina wabzalamo kale mbatata.
"Inu a boma, taonani m'buku."

Ndinaona.
Masamba anali atamatana,
inki itasungunuka n'kuyenderera mpaka pansi.
Pomwe pakanakhala mudzi wawo panali banga la madzi
looneka ngati mvuu yogona.

Ndikanawauza chiyani?
Kuti ofesi ino anaimangira kuwerenga madenga,
osati kukumbuka anthu?
Kuti apo pamera bangopo pankaima sitima zapamadzi,
kutsitsa mchere, nsalu ndi malamulo,
kukweza mabelo a thonje pamisana ya amtengatenga?
Kuti amesinjala ovala zipewa zofiira
ankayenda ndi ndodo kukayeza mizere m'minda,
anthu n'kumawayang'ana makasu ali m'manja?
Mbendera inatsika, ina inakwera,
chidindo chinasintha, dzina linasintha,
koma benchi yodikirira ndi yomweyi,
yosalala ndi matako a mibadwo inayi.

Sindinanene zimenezi.
Ndinapempha pepala louma kwa a zaumoyo,
ndinalemba tsiku, dzina lawo molondola,
chilembo ndi chilembo, iwo akunditchulira kawiri.
Ndinalemba: dimba lawoloka mtsinje, mwini wake alipo.
Anadinda ndi chala chachikulu,
ndipo chidindocho chinafanana ndi mazana aja
ali m'buku la msonkho,
timizere tozungulira ngati madzi pamene bwato lamira.

Anafunsa, "Ndibwere liti?"
Ndinati Lachinayi,
monga anandiphunzitsira amene ndinawapeza,
monga iwonso anaphunzitsidwira.

Madzulo mphepo inachokera ku dambo la Ndindi
n'kuyamba kutsegula mabuku yokha,
tsamba ndi tsamba, mwachangu,
ngati mlendo wa ku likulu wofuna kubwerera lero lomwe.
Mbuzi ya mlonda inakwera pakhonde
n'kudya chaka chathunthu cha msonkho.
Ndinatola mwala.
Kenako ndinauika pa mapu kuti asauluke,
mbuzi ija ndinaisiya imalize.